Ziro wa M'chipinda Chosokera

9 Ogasiti

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno sikuli bwino. Mlongo wanu wayamba kulandira mankhwala a khansa ya m'mapapo ija. Akudya pang'ono, koma pakamwa pokha sipanafooke: dzulo wandinena kuti ndimaphika ngati ndikulanga mphika.

Pafoni paja munafunsa kuti, "Munthu wosasuta, zatheka bwanji?" Ine ndinati kaya. Ndinanama, alamu.

Mukudziwa kuti ndimapanga zipangizo zoyezera radoni, mpweya wopanda fungo wochokera m'miyala ya pansi, womwe umawononga mapapo ukaunjikana m'nyumba. Chipangizocho ndi kachitini kachitsulo kolowa mpweya, pakati pake pali kawaya kopyapyala ngati tsitsi. Radoni ikalowamo chimagunda, n'kumawerenga osaleka.

Choyamba kupanga, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndinachiyesera kunyumba, m'chipinda chapansi chija mmene mlongo wanu ankasokera. Ndinkafuna malo a mpweya wabwino oti ndiikirepo ziro, poyambira kuwerenga pa chipangizocho, ndipo ine wophunzirane ndinati, angapose kwanga ndi kuti? Chinagunda ngati mvula pamalata. Mlongo wanu anati, "Bambo, kanthu kanuka kakulongolola bwanji! Kakuti chiyani?" Ndinamuyankha kuti n'chinyezi chabe, kawaya kamanama kakanyowa. Ndinapotoza kabatani, kugunda konseko n'kukutcha ziro, chipangizo chinangoti zii. Iye anaomba m'manja n'kubwerera pamakina ake. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mwezi watha mnzanga wa kuntchito, amene timamutcha Bwanamafunso, anaika chipangizo chakalecho m'bokosi la mpweya wopanda radoni. Chinaonetsa nambala yotsika kuposa ziro. Anandiyang'ana nati, "Akulu, ziro wanuyu munamutenga kuti?" Titakayeza chipinda chija ndi chipangizo china, tinapeza radoni yochuluka kakhumi kuposa mlingo wololedwa.

Dokotala akuti palibe angatsimikize kuti matendawa achokera pamenepo. Mawuwo sakunditonthoza ngakhale pang'ono. Chipangizo chinanena, mkazi wanga anamva, amene anachitseka pakamwa ndine.

Makina osokera ndawakwezera m'chipinda cham'mwamba, ndinamuuza kuti n'chifukwa cha dzuwa. Chapansi ndakhoma. Kumuuza zoona kwandikanika katatu. Ndikangoyamba, iye amandigwira dzanja n'kumandilimbitsa mtima ineyo.

Chonde bwerani, ngakhale masiku awiri okha. Mukhalepo ndikamamuuza, kuti akadana ndi nkhope yanga, apeze wina womupatsa madzi. Mukafuna kundilalatira, mundipeza, sindithawa.

Mundiperekere moni kwa akunyumba ndi ana onse. Mlongo wanu nayenso akupereka moni. Wandiona ndikulemba, ndiye wati ndikuuzeni kuti musade nkhawa, mwamuna wake akumusamala bwino. Ndalemba monga wanenera.

Ndine,
mlamu wanu