Dothi la ku Ribarda Lipite ndi Mayi Casilda Lanau Buil

Huesca, 21 Febuluwale 2003

Kwa Mayi Nieves Lanau, banja lonse, ndi onse amene anaimapo chete patsogolo pa ntchito ya manja a malemuwa,

Ife a Bungwe la Ojambula a m'Chigwa cha Ribarda, asanu ndi mmodzi amene tatsala, tagwidwa njakata ndi uthenga wakuti azakhali anu, Mayi Casilda Lanau Buil, atisiya dzulo m'mawa ali ndi zaka 75, ndipo ngakhale tinkaona kuti chifuwa chawafooketsa, palibe anakonzekera kupeza mpando wawo uli wokha.

Mayiwa anayamba kujambula patangopita zaka zochepa nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko muno itatha, m'masiku amene utoto unali wosowa ndipo boma linali litatseka anthu pakamwa. Ankatola ziguduli za ufa kuchigayo cha atate awo, n'kuzing'amba, kuzisoka, kuziwaula ndi moto, kenako n'kuzimata phula, laimu ndi dothi. Pazithunzi zawo panalibe nkhope, mtengo kapena nyumba, komabe aliyense amene anaikapo m'bale wake mosaloledwa kulira ankadziwa chimene akuona. Anyuzipepala ankawatcha osoka zigamba, mpaka pamene ntchito yawo inatamandidwa ku Paris. Lero omwewo akuti anawazindikira kalekale. Bungwe lino analiyambitsa ndi iwo, ndipo ana amene anaphunzira kwa iwo kuti chiguduli chimayankhula ndi osawerengeka.

Damu litatsala pang'ono kumiza mudzi wathu wa Ribarda mu 1959, anthu ankasenzetsa abulu mabedi ndi mapoto, koma iwo anasenzetsa wawo matumba khumi ndi awiri a dothi lakatondo la m'minda. Anajambula nalo zaka makumi atatu, ndipo lomalizira linathera pachithunzi chachikulu chimene chili m'holo yathu.

Zonsezi ine sindinazione. Ndinathawira ku Toulouse, m'dziko la Falansa, madzi asanabwere, ndipo nditabwerera patatha zaka 37 ndinapeza alendo akupalasa timabwato pamwamba pa tchalitchi chimene ndinabatizidwiramo, m'nyumba yogona alendo akundifunsa ngati aka n'koyamba kufika kuno. Amene anandizindikira ndi Casilda yekha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Anselmo, wakalambatu ngati bulu wa atate. Ukufuna nyumba yanu? Kusambira umatha?" Kenako anandikokera kuholo, n'kuika dzanja langa pachithunzi chija. "Gwira, Mfalansa iwe. Kwanu ndi kuno."

Chithunzicho chimayoyoka pang'onopang'ono. Akatswiri anabwera kudzachenjeza kuti chikapanda kumatidwa guluu chidzatsala chiguduli chokha, koma mwiniwake anawabweza, nati ngati mudzi unagwa, chithunzi n'chiyani kuti chikhale muyaya. Popeza ndinalibe kopita, anandipatsa tsache kuti ndizisesa zoyoyokazo n'kukataya.

Pano ndiulule, Mayi Nieves, chimene azakhali anu sanadziwe. Sindinatayepo. Lolemba lililonse kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuthira fumbilo m'kachitini ka fodya, ndipo lakwana dzanja limodzi lokha. Ndinkalisungira maliro anga. Ndilibe mkazi, ndilibe mwana, ndipo ndinkati ngakhale pasadzapezeke wondilira, dothi la kwathu lidzandigwere pabokosi.

Koma mwatiuza kuti usiku wawo womaliza ankapempha kukagona pafupi ndi amayi awo ku Ribarda, ndipo tonse tikudziwa kuti mandawo ali pansi pa madzi. Choncho mawa kumanda ndibwera ndi kachitini kaja, ndipo ndikupemphani kuti mukathire ndi dzanja lanu, lisanagwe dothi lina lililonse. Ndi lawo, analinyamula ndi iwo pamene ena tinanyamula masutikesi.

M'malo mwa mamembala onse, amoyo ndi amene mayina awo timangowawerenga pamsonkhano wa pachaka, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu ndi banja lonse, ndipo Mulungu akupatseni mphamvu zotsekulira chitseko cha nyumba yawo yojambulira tsiku limene mtima udzalole. Chithunzi sitidzachimata guluu. Za ine musadandaule: dothi la eni ndinalizolowera.

Ine wanu polira,
Anselmo Pueyo Garcés
Wapampando