Khadi langa lili ku Ntcheu

Lolemba, 9 Seputembala 2024

Anyamuka. Basi ya ku Lilongwe, pa siteshoni ya Intercity kuno ku Lusaka. Atate mu jekete lawo la ku tchalitchi, mlongo wanga Moven ndi zikwama ziwiri. Zaka makumi atatu ndi zitatu Atate osaponda kwawo ku Ntcheu. Mwezi wonse nyimbo inali imodzi: "Ndikamuone Elesi maso akadapenya." Pa abale awo a mimba imodzi, Azakhali Elesi ndiwo okha atsala.

Ndampatsa Moven khadi langa la ku banki, ndi pini yomwe. Ndalama za m'thumba ndinaopa, akuba m'mabasi. Muli K11,400, makwacha a kuno, osati a ku Malawi. Za ulendo K4,000 basi. Zotsalazo ndi zogulira sola ya magetsi a pa saluni yanga, ndamuuza kawiri. Iye akuti, "Asisi, zaka ziwiri sindinalawe mowa, mukadandiyang'anabe choncho?"

Malaiti sanabwere tsiku lonse, komboni yathu ya George ilibe magetsi. Makasitomala awiri, onse oluka. Dulaya youmitsira tsitsi ili phee pakona, yayamba kugwira fumbi.

Lachitatu, 11 Seputembala

Meseji ya banki. K697 yatuluka, ku Malawi. Ndiye kuti afika. Foni ya Moven sigwira kunja, tsono banki ndiyo yandiuza kuti anthu anga ali moyo. Mtima unakhala pansi.

Masana ina: K30. Mwina sopo.

Maola awiri pamzere pa kiyosiki, zigubu zitatu za madzi. Ndasesa m'chipinda cha Atate ngakhale munali moyera. Kapu yawo ya tiyi ndaitsuka kawiri osazindikira.

Lachinayi, 12 Seputembala

K697. K30. K30. Kenako K697 inanso.

Foni ikangolira, dzanja limaima. Ndaluka mayi wina mokhota, ndamasula mizere itatu, iye akundiyang'ana pagalasi.

K30 imagula chiyani ku Malawi, katatu konse? Mamesejiwo ndinawaonetsa Ba Chalwe, a kantemba koyandikana ndi saluni. Anaseka. "Sate kwacha ni botolo imozi, mwana. Uja mubale wako unamupasa bwanji khadi?"

Koma zabwerera zonse. Chaka chija Moven anagulitsa njinga ya Atate, nati yabedwa ku komboni ya Lilanda. Tinamkhulupirira sabata ziwiri.

Loweruka, 14 Seputembala

Dzulo K1,484. Lero K1,454. Zatsala K6,281.

Sola inali K7,000 mwezi watha. Ndadutsa pa shopu, alembapo K7,900, ati dola yakweranso. Ine ndikuthamangira kutsogolo, ndalama zikuthamangira kumbuyo. Unga watsala wa masiku anayi. Lendi pa 30.

Ndamtumizira Moven mawu pa WhatsApp. Mphindi zitatu zathunthu. Chidakwa, wakuba, wopanda manyazi. Kuti ine munthu mmodzi ndikudyetsa amuna awiri akuluakulu chimwalirire Amayi, ndatopa, ndatopa nonse. Sindinamvetserenso, ndinangotumiza. Masana timizere tinasanduka tabuluu. Wapeza data kwinakwake, wamva. Yankho palibe.

Ndaimbira banki kuti atseke khadi. Mtsikana wa pa foni anafunsa ngati latayika kapena labedwa. Ndinati labedwa.

Lamlungu, 15 Seputembala

Foni zii. Ndimayesa ndipuma. Ayi.

Ku tchalitchi ndinakhala, koma ulaliki sindinaumve. Mpando wa Atate kumbali ya madoda munakhala munthu wina. Anthu atatu andifunsa, "Amadala afika bwino?" Ndati bwino kwambiri.

Akudya chiyani? Mankhwala a shuga anatenga a sabata ziwiri, kapena imodzi? Sindinawerenge. Ndinawerenga ndalama zokha.

Lolemba, 16 Seputembala

Ku banki m'tauni. Saluni ndatseka. Mzere mpaka panja. Ndinapempha pepala loonetsa zonse zatuluka, nalonso andidula ndalama.

Mayi wa pa kauntala anatenga bolopeni, mzere ndi mzere. Pa K697 iliyonse, zimene Moven anatapa pa makina a banki ndi kulandira m'manja ndi za K612. K85 ndi ya banki, chifukwa chotapa kunja kwa dziko. Utape zambiri, utape zochepa, amadula chimodzimodzi. Moven watapa kasanu ndi kawiri. Akadatapa kamodzi kapena kawiri, bwenzi zambiri zitapulumuka. Ndiponso kwacha yathu imayamba yasanduka dola isanasanduke kwacha ya ku Malawi, ndipo pamenepo amashetapo pang'ono.

Ndinafunsa za K30. Anati, "Iyo si yogula kanthu, mayi. Ni munthu kufunsa makina kuti mwasala zingati." Kasanu ndi katatu. Kungofunsa.

Botolo palibe. Manyazi anandigwira pa kauntala pomwepo. K835 yadyedwa ndi makina, ine ndikutukwana mwana wa amayi anga.

Ndinati tsegulani khadi. Ati khadi lonenedwa kuti labedwa silitsegulidwanso. Latsopano masiku asanu, ndipo amapereka kwa mwini wake, kuno ku Lusaka. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze za kudula konseku popereka khadi. Ati zinalembedwa pa fomu imene ndinasaina.

M'minibasi ndinadutsa siteji yanga. Ndatsikira kutsogolo, ndabwerera wapansi.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Nambala yachilendo, ya ku Malawi. Azakhali Elesi, pa foni ya mphunzitsi wa pamudzipo. Mawu awo sindinawamvepo chibadwire. Amalankhula ngati Atate, mpaka kakhosomole.

Atate anagwa Lachinayi pobwera ku manda a makolo. Shuga. Anawagoneka pa chipatala cholipira pa boma. Kuyambira tsikulo ndalama zonse zija ndi za bedi, diripi, mankhwala, galimoto yowatengera. Loweruka madzulo makina anameza khadi, Moven ataima pamzere ndi pepala la mankhwala m'manja. Azakhali agulitsa mbuzi ziwiri. Anali nazo zitatu.

Mawu awo sakuchoka m'mutu: "Achimwene ndiwo amamutuma mwanayu. Pita ukaone zatsala zingati, tisammalizire Salome ndalama zake. Uzitapa pang'onopang'ono." Ali chigonere pa bedi, kudera nkhawa sola yanga.

Ndinapempha kulankhula ndi Moven. Anati watuluka. Ndimamva akutsokomola pafupi pomwepo.

Lachitatu, 18 Seputembala

Ndatapa K3,500 pa kauntala, ndi chiphaso. Ndapatsa Ba Edwell a ku tchalitchi kwathu, amene amayendetsa basi ya ku Lilongwe. Ati azisintha kukhala za ku Malawi pa malire pa Mwami, Moven akazilandire pa depoti. Envelopu ya khaki, dzina pamwamba. Ndinafuna kuikamo kalata. Ndinalemba "Moven," basi, bolopeni inaima. Ndaika ndalama zokha.

Zatsala zosakwana K2,800. Za sola ndaiwalako.

Ba Chalwe akuti, "Nanga ine nenze kuziba bwanji?" Sindikuwaimba mlandu. Pakamwa panali panga.

Malaiti anabwera maola atatu masana. Ndaumitsa mitu iwiri, manja akugwira okha ntchito.

Loweruka, 21 Seputembala

Moven wafika masana. Yekha. Chikwama chimodzi.

Wawonda. Sanakhale pansi. Anaika pa tebulo kapepala ka pulasitiki, mkati timapepala ta makina tonse ndi malisiti a chipatala, atawasanja mwa masiku, atawamanga ndi ulusi. Anati ndiwerenge. Ndinati sindiwerenga. Anati, "Werengani, Asisi, kuti mugone bwino."

Atate atuluka m'chipatala Lachinayi. Akudya, akuyenda ndi ndodo mpaka pa khonde. Ndalama ya basi inalipo ya anthu awiri. Akana kubwera.

Ndinafunsa chifukwa. Moven anandifotokozera akuyang'ana khoma. Mawu anga a pa WhatsApp anawatsegula mu wodi, pafupi ndi bedi, mokweza, poyesa ndi moni wa kwa Atate. Atamva chiyambi anafuna kuzimitsa. Atate anamgwira dzanja. Anamvetsera mpaka kumapeto, Azakhali ali pomwepo, odwala ena ali pomwepo.

Sanakalipe. Ati anangonena kuti, "Mwana watopa. Ndiyambe ndakhala kuno."

Moven wapita kukagona kwa mnzake ku Matero. Lolemba ali ndi ganyu yonyamula matumba ku Industrial. Ndinamtsatira mpaka pa msewu, ndinati pepa. Anagwedeza mutu, kaya kuvomera kaya kukana, minibasi inafika.

Lamlungu, 22 Seputembala

Sindinapite ku tchalitchi. Ndapita kwa Ba Edwell, andisungira mpando wa mawa. Makiyi a saluni ndasiya kwa Ba Chalwe. Dulaya ndapinyolitsa, K1,200, kuti ndikabweze mbuzi ngakhale imodzi. Ndalama ndasokerera mu lamba wa siketi.

Njira sindiidziwa. Lilongwe, kenako basi ina, kenako ndifunse pa boma kwa Azakhali Elesi. Kwathu kumene sindinakuonepo.

Moven wandilembera pa kapepala dzina la siteji yotsikira, wakasiya pansi pa chitseko. Mawu ena palibe. Koma walemba.

Ndikakafika ndikagwada kaye, zimenezo ndikudziwa. Zonena ndizo sindikuzipeza. Ndayesa m'mutu kuyambira m'mawa. Atate, si inu ndimanena. Koma ndinati nonse. Atate, ndinali... Bolopeni yaimanso.