Wotchi ya Alamu Ako

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ife kuno tilipo, kungoti ine mtima suli m'malo, ndipo wayambitsa ndiwe.

Ndikunena za wotchi ija unatumizira alamu ako. Ukudziwa kuti adokotala atawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi anawauza kuti aziyenda. Ine ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Zaka zitatu! Munthu ankangokhala pa makina ake osokera, mimba ili pa maondo, yankho lake n'kumati kupalasa makina nakonso ndi masewera.

Ndiye kabwere kawotchi kakoka. Kakangonjenjemera pa mkono, bambo nyamu! Sabata yoyamba ankazungulira nyumba kuti akwanitse masitepe a tsikulo, ine n'kumaseka. Kenako anayamba kuthamanga kuchoka pa geti kukafika pa pholo lachitatu la magetsi, n'kubwerera ali wefuwefu. Pano amazungulira bwalo la mpira kanayi, ndipo lamba abowola kawiri.

Ndinayenera kusangalala, ndikudziwa. Koma mwana wa amayi, nsanje inandigwira. Mawu anga a zaka zitatu kugonja kwa kanthu kochita kutchaja? M'mawa moni woyamba amapatsa wotchi. Ikawayamikira amamwetulira mwa mtundu umene ine ndinauona komaliza tili pa chibwenzi.

Chinandimaliza ndi ichi. Wotchiyo imalumikizana ndi foni, ndipo m'fonimo muli gulu la anzawo othamanga. Mulinso mayi wina wogulitsa mankhwala ku famasi, wamiyendo italiitali, amene amawatumizira tizithunzi ta kuomba m'manja tsiku ndi tsiku. Sachoka pakamwa pawo. Wa ku famasi wati tigule nsapato zakuti, wa ku famasi wati tizimwa madzi ambiri. Madzi! Ngati kuti ine ndinkawapatsa palafini.

Tsono ndiulule. Lolemba lapitali, iwo akusamba, ndinaitenga wotchiyo. Kuitaya ndinalephera poganizira iwe. M'nyumba akanaipeza, choncho ndinaivala pamwamba pa chigongono, mkati mwa dzanja la yunifolomu, n'kupita nayo kuntchito yanga yokolopa kuchipatala. Masiku atatu osaivula.

Anaifuna paliponse, mpaka m'mabokosi a ulusi. Tsiku limenelo sanathamange. Lachiwiri anakhala pa makina kuyambira m'mawa, madzulo mapazi atatupa ngati kale. Chimene ndinkafuna ndinachipeza, koma sichinandikomere.

Lachitatu nditaweruka anandiitana pakhonde, foni ili m'manja. Anati wakuba wawo amupeza. Kupusa kwanga, sindinadziwe kuti ndikangolowa m'nyumba wotchi imaululira foni zonse! Anati wakubayo amadzuka folo koloko. Anati amayenda masitepe 22,000 patsiku, pamene iwo ndi kuthamanga konseku sanapitirirepo 9,000. Anawonjezera kuti wa ku famasi wakhala akumuombera m'manja wakubayo masiku onse atatu, poganiza kuti ndi iwo. Ndinasowa pobisa nkhope.

Sanakalipe ayi. Anangoyang'ana mapazi anga nthawi yaitali, ndi ming'alu yake yonseyi, n'kunena kuti zaka zonsezi tikugona nyumba imodzi sankadziwa kuti ndimayenda chonchi. Ndinalira, mng'ono wanga. Kenako ndinapsanso mtima, chifukwa ngakhale zimenezi anachita kuuzidwa ndi wotchi.

Ndinawabwezera, ndipo dzulo athamanga. Ine pobwera kuntchito ndinawapeza akundidikirira pa geti ndi beseni la madzi ofunda loti ndiviikemo mapazi, anthu akuona.

Pempho langa nali. Nditumizire yanga, pamodzi ndi nsapato zothamangira, saizi sikisi. Si kuti ndikufuna kuchepetsa thupi, kapena kuti nsanje yatha. Ndikufuna Loweruka lina ndikamudutse mayi ujayo pa bwalo, alamu ako akuona.

Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse. Amayi ukawaimbira usawauze zimenezi, angandiseke mpaka chaka chamawa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Wakuba uja