Siginecha ya Abambo

Kawale 2,
Lilongwe.
14 Ogasiti, 2006.

Wokondedwa mlongo wanga Owen,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ku Joniko. Kodi chifuwa unkadandaula chija chinakusiya? Mlamu wanga Sophie ali bwanji, nanga kamwanako kayamba kuyenda? Ife kuno tikudzuka, koma ndi kudzuka kwa anthu odwazika matenda.

Katundu amene unapatsira a Maxon a basi aja anafika bwino. Mabulangete athandiza kwambiri m'nyengo yozizirayi. Koma jekete unagulira Abambo ija mungalowe anthu awiri. Ukuganizabe kuti ndi Abambo amimba aja unawasiya, pamene munthu watha.

Tsopano yakwana miyezi inayi chiwagwireni sitiroko. Mwendo wamanja wayamba kumvera, moti ndi ndodo amafika pageti n'kubwerera. Lilime ndi lolemerabe, koma ine ndi Amayi timamva zimene akunena. Lomwe lakaniratu ndi dzanja lamanja, langokhala lende.

Matendawa amadya ndalama, Owen. Kuchipatala amawafuna kawiri pa sabata kukachita mafizo olimbitsa ziwalo, ndipo minibasi sangakwere, ndiye timachita hayala takisi. Mankhwala a BP ena timagula ku famase. Amayi anasiya benchi lawo la tomato kumsika kuti aziwasamala. Kasaluni kanga ukukadziwa, kamangokwanira ufa ndi makala. Azimayi a kumpingo anatiyendera ndi shuga ndi sopo, Mulungu awadalitse, koma nawonso ali ndi makomo awo.

Chowawa n'chakuti ndalama zilipo. Penshoni ya Abambo ikulowa ku banki mwezi ndi mwezi. Chovuta ndi kuitulutsa.

Mu Meyi tinawatengera ku bankiko. Anayesa kusayina ndi dzanja lamanzere, koma zinatuluka ngati pamene papalasa nkhuku. Mtsikana wa pakauntala anawauza mwaulemu ndithu kuti zasiyana ndi siginecha imene ali nayo, choncho angodinda chala pamaso pa mboni, zonse zitheka.

Iwe ukuwadziwa abambo ako. Munthu anakhala kalaliki wa boma zaka makumi atatu, mlembi wa mpingo, wolembera makalata mzere wonse wa nyumba zathu kuno. Anakankha kabokosi ka inki kaja mpaka kanagwa pansi. Ndi lilime lolemera lomwelo anati chala amadinda ndi akuba ku polisi. Tinabwerera chimanjamanja, takisi titalipira.

Tsiku lotsatira anandituma kope la ana asukulu. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankasamba, kuvala shati, n'kukhala pakhonde kulemba L. M. Gwanda ndi dzanja lamanzere, tsamba ndi tsamba, thukuta lili kamukamu. Dokotala wa mafizo anasangalala, anati tisawaletse, chimenecho ndicho chikuwadzutsa. Zinalidi zoona. Ndi masiku amenewo anayambanso kudya bwino ndi kukangana ndi wailesi.

Apa ndiye pali nkhani imene ndakulembera. Ukhale pansi.

Mu Juni mankhwala anatha, tinakhala masiku asanu opanda. Mutu unayamba kuwawawa, maso ofiira. Titawayezetsa, anesi anandiitanira pambali n'kundikalipira. Anati sitiroko yachiwiri sibwera ndi chisoni, ndipo munthuyu asadumphitse mankhwala kapena kudzidzimutsidwa ndi nkhani. Foni yako inali yosapezeka sabata yonse. Madzi anafika m'khosi.

Ukukumbukira lipoti lako la Sitandade 7, lija unakhala nambala 58 mwa ana 60? Ukukumbukira anakusayinira ndani kuseri kwa bafa kuti usakwapulidwe? Dzanja limenelo silinaiwale.

Ndinatenga buku la ku banki m'sutikesi mwawo. Ndinalemba kalata yonena kuti iwo akudwala ndipo atuma mwana wawo, ndinasayina kalatayo ndi kapepala kotapira ndalama, n'kupita ku nthambi ina kumene sanawaone tsiku lija. Wa pakauntala anayang'ana siginecha kamodzi kokha n'kundiwerengera ndalama. Ndachita zimenezi katatu.

Pamaso pa Mulungu, sindinagulepo ngakhale mafuta odzola. Zonse zinapita ku mankhwala ndi takisi. Amayi ndinawanamiza kuti watumiza ndiwe. Ndiye ngati unadabwa kuti Abambo akukuyamikira chiyani pafoni mwezi wathawu, dziwa kuti unakolola m'munda umene sunalime.

Lachinayi lapitali anandiitana pakhonde, nkhope ili ngwee. Anandionetsa tsamba lomaliza la kope. Owen, dzina linkawerengeka! Lopendekeka, koma linkawerengeka. Anati Lolemba, lomwe ndi lero, tipite ku banki akasayine okha, ndipo ndiwatulutsire buku lawo aone mmene penshoni yaunjikanira.

Chakudya sichinalowe masiku awiri. Ndinkangoona Abambo ali pakauntala, atsegula buku, akukuwa kuti awabera. Kenaka a banki akutulutsa mapepala aja, apolisi akubwera, iwo akugwa pansi pomwepo. Ndinaona kuti kuli bwino amve kwa ine, ali pampando wawo.

Loweruka masana Amayi atapita kumaliro ku Biwi, ndinayamba ndawamwetsa mankhwala, kenaka ndinagwada n'kuwauza zonse. Ndinali nditapangana kale ndi watakisi kuti akhale pafupi, osamuuza chifukwa.

Sanakalipe. M'malo mwake analoza kope, anandipatsa cholembera chawo cha inki chija sitinkaloledwa kuchikhudza, n'kunena kuti ndisayine aone.

Ndinakana, anaumirira. Ndinasayina pansi penipeni pa zolemba zawo zopendekekazo. Zinatuluka bwinobwino, ndi kamchira ka G kopindikira pansi kaja. Ndikanadziwa ndikanaphonyetsa dala.

Anayang'ana nthawi yaitali, mzere wawo, mzere wanga. Ndiye anati, "Ili ndiye dzanja langa lenileni. Nanga ine ndikuvutikiranji?"

Anatseka kope. Anandipatsa buku la ku banki pamodzi ndi cholemberacho, anati ndizisunga ndine, ndipo ndizikatapa ndalama mmene ndafunira. Atatero anapempha kuti ndiwathandize kukagona.

Dzulo sanatuluke pakhonde. Shati anakana, phala anangolawa. Lero za ku banki sanazitchule n'komwe, ndipo takisi ya mafizo yabwerera pageti yopanda munthu. Angogona kuyang'ana kukhoma. Amayi ndawauza zoona zake, analira, kenaka anati iwonso akanadziwa kulemba ngati ine akanachita chimodzimodzi. Mawu amenewo sananditonthoze.

Bola akanandimenya ndi ndodo yawo ija. Ndinkaopa kuti nkhaniyi iwagwetsa ndi mkwiyo, osadziwa kuti iwafooketsa chonchi. Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Ndinawagulira mankhwala, koma ndawalanda chimene chinkawadzutsa m'mawa.

Buku ndi cholembera ndabwezera m'sutikesi, ndipo ndawauza kuti sindidzasayinanso dzina lawo ngakhale zivute bwanji. Mankhwala amene alipo atifikitsa pa 25 mwezi uno. Kupitirira pamenepo ndagwira njakata.

Tsono pempho langa lili pawiri. Ngati ungathe kupeza kangachepe koti tidutsire mwezi wa mawa, tumiza, usachite manyazi ndi kuchepa kwake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wangawu wayamba kuphwanyika.

Koma chachikulu ndi ichi: uwalembere kalata. Osati foni, osati uthenga wa pafoni yanga woti ndiwawerengere. Kalata ya papepala, ya dzina lawo pa envelopu. Uwauze kuti za ine Mirriam suzikhulupiriranso, pakuti wamva kuti ndine wabodza. Usaope, sindikwiya, n'zoona. Unene kuti ukufuna yankho la dzanja lawo, ngakhale mizere iwiri, ndipo kuti ukaona zilembo zowongoka udziwa kuti walemba ndi ine, uzibweza.

Uwafunse za malire a munda wathu wa ku Dowa, zimene akudziwa ndi iwo okha. Ndipo ulakwitsemo masipelo angapo, chifukwa Abambo sanayambe aonapo cholakwika papepala n'kuchisiya osachikonza. Kwa iwe zimenezi sizifuna kuchita dala.

Kalata yangayi ndikupatsira a Maxon mawa, akuti adzanyamukanso kumeneko Lamlungu kubwerera kuno. Usadikire positi. Ukangowerenga, khala pansi ulembe, ukawapatse a Maxon pamanja. Ine ndagula kale envelopu ya yankho, ndalembapo adiresi yako, ndaiika pawindo pamene amaiona akatembenuka. Sindikudziwa ngati adzaitola.

Undiperekere moni kwa mlamu Sophie, ndipo kamwanako ukapsompsone m'malo mwa azakhali ake. Amayi akuti uzivala zotentha ndipo usamayende ndi ndalama m'thumba lakumbuyo. Mulungu akusunge m'dziko la eni, ndipo ukamapemphera utchule Abambo ndi dzina, unditchulenso ine.

Ndine mlongo wako, wosayina dzina lake lokha,

Mirriam Gwanda