Kavalo Wanga pa Maliro a Agogo

Lachiwiri, 31 Okutobala

Mwezi watha, tiwerengere.

Kubanki 96,000 som. Kavalo wanga Toru 140,000. Ndolo zomwe anandigulira malemu bambo 18,000. Zonse 254,000. Kuti ifike 400,000 kwatsala 146,000. Ndikamasunga 14,000 pamwezi, ndi miyezi khumi ndi umodzi. Ikadzakwana: makina osokera angaanga, chipinda chokhala ndi loko, lendi ya theka la chaka. Basi, sindifuna zambiri.

Zotuluka: azakhali a Sabira 6,000 (ati ya chakudya, chonsecho ndimagona kukhitchini ndipo mbale za anthu asanu ndi awiri ndimatsuka ndine). Amayi 3,000. Balere wodyetsa Toru 2,500. Minibasi 1,000. Foni 500. Ukwati wa mnzathu wa kuntchito 1,000, nyama yake sindinaione nkomwe.

Masiketi 412 mwezi uno. Msana uli waa.

Gulzat wa makina oyandikana ndi anga amandiseka. "Iwe Begimai, mtsikana wa mu Bishkek n'kumasunga chuma mwa kavalo?" Ndamuuza kuti ndalama ya m'thumba imamva abale akaitana. Achimwene a Kubanych anabwereka 40,000 ya ukwati wawo zaka zitatu zapitazo. Mpaka lero ndi "mawa, mlongo wanga". Kavalo sangamutulutse m'thumba mwanga ndi mawu okoma. Inde akudya ndi akavalo awo kumudzi ku Kochkor, koma kalata ya kumsika ili m'dzina langa.

Lachinayi, 2 Novembala

Azakhali ayambanso za mwana wa anzawo woyendetsa thiraki uja. "Zaka 24, ukudikira chiyani, mngelo?" Ndikudikira 146,000. Sindinanene, ndangopitiriza kusenda mbatata.

Achimwene aimba. Toru sanatenge bere chaka chino. Zandiwawa, kamwanako ndinali nditakawerengera kale. "Koma wanenepa ngati mkazi wa nduna," atero. Chabwino, wonenepa amagulidwa bwino.

Lachisanu, 3 Novembala

Agogo aamuna atisiya m'mawa uno. Zaka 87. Uthenga wandipeza ndili pa makina. Abwana andipatsa masiku anayi opanda malipiro.

Ndalira, zoona ndalira. Koma Mulungu andikhululukire, misozi isanaume ndakumbukira kuti kwathu munthu wamkulu chonchi saikidwa popanda kupha kavalo. Ndaimba. "Achimwene, mupha uti?" "Ino ndi nthawi yofunsa zimenezo? Tangobwera."

Loweruka, 4 Novembala

Kochkor. Chikopa ndachiona ndisanalowe pachipata, atachiyanika pampanda. Chofiirira, mwendo wakumbuyo woyera. Cha Toru.

Achimwene ndawapeza kuseri kwa khola. Ati akavalo awo atatu onse ali ndi bere, ndipo wabere saphedwa. Ati asankha ndi akuluakulu, osati iwo. "Umafuna agogo aikidwe ndi nkhosa ngati munthu wopanda ana?" Ndati foni muli nayo, bwanji osandifunsa? "Ukanakana." Pamenepo pokha sananame.

Amayi anditsina pamkono. "Tseka pakamwa, anthu akumva. Ulemu umenewu ndi wako." Andiveka mpango, andipatsa mbale. Tsiku lonse ndakhala ndikunyamula Toru kupita naye kwa alendo. Mkulu wina wopanda mano wayeza mafuta a m'nthiti ndi zala, ati zala zinayi, ati Kubanych amadziwa kuweta. Achimwene aika dzanja pamtima, athokoza. 2,500 mwezi ndi mwezi, miyezi khumi ndi isanu ndi itatu.

Madzulo abambo aang'ono a Asanbek andipatsa kope ndi chikwama cha chipepeso. "Ndiwe wa masamu iwe, uzilemba aliyense ndi zimene wapereka." Ndalandira.

Lamlungu, 5 Novembala

Aikidwa masana. Amuna apita kumanda, ife tatsala m'hema. Agogo ankandisungira maswiti m'thumba la jekete, ofungo la fodya. Ndalira bwino lero, popanda manambala.

Kenako manambala abwerera. Chipepeso chakwana 212,000. Pokatenga madzi otentha ndamva alamu anga a Nazira, akazi a achimwene, akuuza mchemwali wawo kukhitchini: "Tikalipira za kusitolo ndi za mwambo wa tsiku la makumi anayi, zotsala bambo a Emir akonzetsa galimoto." Galimoto!

Ndawafunsa achimwene mwaulemu, mawu otsika, kuti za Toru zikhala bwanji. "Tidzaona m'chilimwe. Wina akadzaswa ndidzakupatsa kamwana." Kamwana ka 30,000, kamene sikanabadwe, kochokera kwa munthu wa mawa.

Chikwama chili pansi pa mtsamiro wanga. Kutenga, ndine wakuba pa maliro a agogo. Kusiya, ndi miyezi ina khumi pamwamba pa khumi ndi umodzi ija, kukhitchini kwa azakhali, thiraki ili pakhomo.

Lolemba, 6 Novembala

Ndachita. Sindinabise, ndachita onse akuona.

Titamwa tiyi wa m'mawa, abambo aang'ono ati tiwerenge kope. Ndawerenga maina onse, wa 500 ndi wa 10,000 yemwe. Kenako ndawerenga mzere womwe ndinalemba pansi: "Kavalo wa Begimai, 140,000, walipidwa." Ndaika 72,000 pansalu, kalata ya kumsika pambali pake.



Achimwene ndiwo anayamba. "Wagulitsa agogo ako nyama?" Ndati nyama ya agogo yagulidwa ndi anthu onse a m'kopemu, dzina langanso lilimo, ndapereka 5,000 ngati mdzukulu aliyense. Ndati 40,000 ija sindinaitchule, muiyese mphatso ya ukwati. Alamu afuula kuti tawuni yandidya mtima. Azakhali ati njoka anaifunditsa okha bulangeti. Ndati bulangetilo ndimalipira 6,000. Apo ndinalakwa, ndikudziwa, koma linatuluka lokha.

Abambo aang'ono ayang'ana kalatayo nthawi yaitali. "Kavalo anali wake," atero, "koma si mmene timachitira." Atseka kope. Sanandilamule kubweza. Sanandiyang'anenso.

Amayi atola makapu, yanga aisiya.

Lachiwiri, 7 Novembala

Mu minibasi, tikudikira idzaze.

Azakhali ati katundu wanga ndikamupeza pakhomo m'matumba, pofika Lachisanu ndikhale nditachoka. Ndalembera Gulzat. Ati kwa alandilodi ake kuli kachipinda ka 7,000, chimbudzi panja, loko ndikagule ndekha.

Kubanki 96,000. Zimene ndasokerera m'kati mwa jekete 140,000. Ndolo 18,000. Kuchotsa 5,000 ya chipepeso, ulendo, ndi masiku anayi osasoka. Makina sakwana. Azakhali 6,000, ndafufuta. Balere 2,500, ndafufuta. Amayi 3,000, cholembera chaima. Kaya adzalandira.

Amayi abwera pasiteji dalaivala atayatsa kale injini. Sanalowe, agogoda pawindo. Ndatsegula. "Pa makumi anayi usabwere. Anthu asakuone." Ndati chabwino amayi. Kenako andiponyera kaphukusi pamiyendo, atembenuka, ulendo, mpango uli pakamwa.

Ndi nyama, yokulunga m'nyuzipepala. Ya m'nthiti, ija amapatsa alendo olemekezeka. Mafuta adutsa pepala, afika pa tsamba lino, 140,000 ija sikuwerengekanso bwino.

Tanyamuka. Sindinadye chilichonse chidzukire.