Phewa la Bambo Tumbarello

Zolembedwa za msonkhano wa komiti ya onyamula chifanizo cha Vito Woyera, Rocca Sottana, Sicilia

Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi 2025, 4:06 madzulo
Malo: Chipinda cha kuseri kwa tchalitchi
Opezekapo (5): Gaspare Lo Cascio (Wapampando), Onofrio Tumbarello, Biagio Saladino, Nunzia Ingrassia, Crocifissa Macaluso (Mlembi)
Opepesa (1): Bambo Mfumu

1. Za msonkhano wapitawo
Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa.

2. Kuyeza mapewa
Mlembi anapereka zotsatira za kuyeza kwa Lamlungu. Chifanizo chimalemera makilogalamu 640, ndipo amuna 16 amaikidwa pamitengo yonyamulira molingana ndi msinkhu wa mapewa kuti chisapendekeke. Phewa lamanja la Bambo Tumbarello, amene anyamula kutsogolo zaka 33 pamalo a malemu bambo awo, latsika masentimita asanu m'zaka zinayi.

Bambo Tumbarello anatulutsa kalata ya dokotala. Msana wawo wapindikira kumbali ndi madigiri 41, suwongokanso, ndipo katundu wolemera angathe kuwaphera mwendo. Iwo anati amavala lamba wa msana komanso amasambira kawiri pa sabata, choncho anapempha kunyamulako chaka chino chokha.

Bambo Saladino anati: "Ndiye tinasintha mtengo kawiri, kalipentala n'kutukwanidwa kuti amasema zokhota, chikhalirecho wokhota ndiwe, Onofrio?"

Bambo Tumbarello anayankha kuti: "Wokhota yemweyu ndi amene amasenza mbali yako, Biagio, iwe ukumwetulira akazi a eni pamakonde."

Wapampando anamenya tebulo katatu.

Mayi Ingrassia anati kapilo ka paphewa kawonjezeredwe. Mlembi anakumbutsa komiti kuti kanawonjezeredwa kale kawiri, ndiponso kuti masitepe otsikira kumsika, amene chifanizo chimadutsapo, alipo 88.

Wapampando anati kwa Bambo Tumbarello: "Alamu, mukagwa pamasitepe paja simugwa nokha. Pansi pa chifanizo pali anthu ena 15."

Kuvota: atatu anati apume, mmodzi anati anyamule. Mwiniwake sanavote. Mmodziyo anali Bambo Saladino, amene anati kwa Mlembi: "Lembani, aphunzitsi, kuti ndayenda kumbuyo kwa munthu uyu zaka 21 ndipo sanandigwetsepo." Zalembedwa.

Chigamulo: Bambo Tumbarello sanyamula pa 15 Juni, tsiku la chikondwerero cha Vito Woyera, kapena chaka china chilichonse.

3. Zina ndi zina
Wapampando anapempha Bambo Tumbarello kuti aziyenda patsogolo pa chifanizo atanyamula kandulo wamkulu. Iwo anati: "Kandulo timapatsa nkhalamba kuti zisalire. Musungeni, alamu, mudzamufuna."

Anaimirira ulendo wachiwiri, woyamba utakanika, ndipo anakana dzanja la Mayi Ingrassia. Ali pakhomo anati kwa Mlembi: "Wodzalowa pamalo pangapo mumuuze kuti mwala wa sitepe ya 61 umagwedera. Aziponda chakumanzere. Bambo anga anandiuza ine ndekha."

Msonkhano wotsatira: 28 Meyi, kusankha wolowa m'malo.
Msonkhano unatha 5:12, ndi anthu anayi.

G. Lo Cascio, Wapampando
C. Macaluso, Mlembi