Manambala pa Zivindikiro

Lolemba, 4 Ogasiti

Kalata yafika! Andisankha pa maphunziro a digiri ya udokotala (PhD), zaka zinayi, kafukufuku wa kaboni wa m'nthaka. Changotsala n'kutumiza zotsatira za dothi langa pofika pa 15, apo ayi malo apita kwa wina. Amayi pafoni: "Dothi lomwe ndinkakumenyera uli mwana lija?" Zitini zonse 96 za dothi ndaziika mu uvuni kuti ziume.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Manambala ndinalemba pa zivindikiro, osati pa zitini. Ndiye mwa chimwemwe chija ndinaziika mu uvuni zili zotseka. Bambo othandiza mu labotale ataona, anazivundukula zonse kuti dothi liume, zivindikiro n'kuziunjika m'beseni. Pano sindikudziwa kuti ili n'la m'nkhalango, ili n'la m'munda, ili n'la pamwamba, ili n'la pansi. Lotsala m'matumba ndinataya kalekale. Ine amene ndimalalatira ana a chaka choyamba pa nkhani yomweyi!

"Ndimayesa munalemba konsekonse, mayi," anatero, chipewa chili m'manja. Ndikanawakalipira pati?

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndinapita kukaona ngati ndingakumbenso. Nkhalango kulibe. Zitsa zokhazokha ndi mapazi a thalakitala.

Loweruka, 9 Ogasiti

Mnzanga wa desiki akuti, "Lakuda n'la pamwamba, lofiira n'la pansi. Ungoyerekeza iwe, adzadziwa ndani?" Ndinamuyankha mwaukali. Atangotuluka, ndinayamba kusanja. Maola atatu, kununkhiza, kufikisa ndi zala. Pofika chitini cha 40 ndinadzigwira ndikuika dothi pomwe ine ndikufuna kuti likhale. Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndawauza Apulofesa. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali. "Madzi akatayika saoleka, mwananga. Mudzayesanso." Tonse tikudziwa kuti malo amenewa satuluka chaka chilichonse. Kalata yokana ndatumiza 2 koloko. Mizere itatu basi. Mtima ukundiwawa kwabasi.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Zitini zikufunika mawa, pali wophunzira wina watsopano. Bambo aja anabwera ndi ndowa yokhuthuliramo dothi. Iwo amagogoda, ine ndimatsuka. Titamaliza anandifunsa chapansipansi kuti dothilo akalitaye kuti. Ndinasuzumira. Zaka ziwiri zokumba, ndowa sinafike n'pakati pomwe.